Kwawo kwa Mwala

Anandipeza ndili chikhalire pa mulu wa kwale,
nyundo m'manja, mphira wa tayala utazinga mwala,
fumbi la msewu wa ku Mtunthama lili m'mano.
Mtsikana wa chipewa cha nsalu, dzina lake Mwandida,
anamasula mpango ngati muli ndalama ya chipepeso.
M'katimo munali kachibenthu kosaposa chala chachikulu.

Akuti kagwa pa maziko a tchalitchi chakale,
chija denga lake linapita ndi mphepo,
ndipo iye akufuna kwawo kwa mwalawu.
Ndinaseka. Mwala uli ndi kwawo ngati mkamwini?

Iye osaseka.
Anati kutali, ku Kambodiya,
amayeza miyala ya akachisi ndi kachipangizo ka maginito
mpaka kuloza phiri limene inasemedwa,
osemawo atasanduka dothi kalekale.
Buku la mishoni likuti ngolo za ng'ombe
zinaituta ku phiri la Kasungu.
Kachipangizo kake kakukana.

Ndinakaika pa lilime. Ndinakagogoda ndi msomali.
Wa kuphiri ndimaudziwa, ndauswa zaka makumi awiri:
umalira ngwee! ngati khasu latsopano,
ukasweka umaluma zala.
Uwu mawu ake anali a munthu wachimfine,
pakati pake kamzere kofiirira
ngati mnofu wa mlamba.

Mzere umenewo ndinauonapo
ndili mwana, ndikukumba mbewa kuseri kwa dambo.

Tinalawira mame asanaume,
kudutsa zigafa zopanda fodya ndi mapesi ogonekedwa.
Woyamba tinaupeza patsinde pa msuku,
wosemedwa mbali zinayi, ndere zitauveka.
Wina pafupi ndi chulu. Wina m'matope, mphuno yokha ili kunja.
Ngati chimanga chotayika m'thumba lobooka,
anatilondolera okha njira,
kanjira koti mapazi awiri sayenda mogundizana.
Ngolo ikanadutsa pati?
Dambo ili limameza ng'ombe mpaka linunda.

Dzuwa lili paliwombo tinafika pathanthwe.
Mbali ina inali yodyeka ngati chigumu cholumidwa,
timaenje ta mphero titandandalika mzere,
m'menemo madzi a mvula ndi ana a udzudzu.
Mwandida anagwada, kachipangizo kanalira,
manambala anagwirizana.
Anakuwa mpaka nkhwali zinabalalika.

Ine ndinali kwina.
Ndinali kwa aNasimango, azakhali a bambo anga,
aja a dazi pakati pa mutu,
khosi lolowa m'mapewa ngati la fulu.
Tinkawatsanzira kuyenda kwawo popita kumjigo,
ine ndinkaposa anzanga onse.
Sankalowa m'tchalitchi muja.
Lamulungu ankakhala panja, msana atatsamira khoma,
dzanja likusisita mwala umodzimodzi wapangodya,
ife nkumati ndi ukalamba.
Sanatiuze kanthu. Nafenso sitinafunse.

Mtsikana anatulutsa pepala la mizere.
Gwero la mwala: analemba.
Mtunda wake: analemba.
Pa kayendedwe panali mawu akuti ngolo,
anawakhwatcha, cholembera chinaima m'malere.
Ndilembe chiyani, bambo Lufeyo?

Ndinawerama pa mwala umene anausiya m'mphepete,
wosemedwa kale, wongodikira mutu.
Ine woswa miyala, wa zikhatho ngati chikopa cha ng'ona,
ndinaukweza kufika m'mawondo basi,
msana unandikumbutsa zaka zanga.

Lembani nkhata, ndinatero.
Anati pepalali likufuna chiwerengero.
Ndinati siyani malo, mwina alipo amene akukumbuka,
ngakhale ndikudziwa kumene anagona onsewo,
pansi pa mitumbira yopanda ngakhale mwala umodzi.

Madzulo ndinabwerera pa mulu wanga.
Lole inali ikudikira, dalaivala akunyinyirika,
mawilibala khumi ndi awiri, mtengo anadula yekha.
Akuti akumanga nyumba yosanja ku Lilongwe.
Sanandifunse dzina.
Ndinaponya kachibenthu kofiirira pamwamba pa katunduyo
kuti wina, tsiku lina, adzasokonezeke
nkuyamba kufunsa.